Mutu 8: Mphamvu za Boma Zilekeze Pati? Phunziro la M'chigwa cha Lundu

Mlimi wa ku Ngabu akalima thonje, kulipalira, kulipopera mankhwala ndi kulitola pa dzuwa lowotcha, ndani ayenera kunena mtengo wake? Mnyamata wa kwa Tengani akauzidwa kuti akasenze katundu wa nkhondo imene sakudziwa chiyambi chake, ali ndi ufulu wokana? Nanga mayi wa ku Makhanga madzi a Ruo ndi Shire akamuzinga usiku, ndani ali ndi udindo wokamupulumutsa? Mafunso atatuwa akuchokera pa tsinde limodzi: mphamvu za boma ziyambire pati, ndipo zilekeze pati?

Pa dziko lapansi pali anthu amene amayankha funsoli mosapita m'mbali. Iwo amati boma likhale laling'ono kwambiri, munthu asiyidwe aziyendetsa yekha moyo wake ndi chuma chake. Ganizo lawo limatchedwa libertarianism, ndipo olitsatira tiwatcha alibetariyani. Mabuku awo ambiri analembedwa ku Ulaya ndi ku America, koma malo abwino oyesera ngati akunena zoona ndi chigwa cha mtsinje wa Shire, dziko la Lundu, kumene anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje analawapo boma lankhanza, analawaponso masiku opanda boma n'komwe.

Alibetariyani amati chiyani?

Maziko a ganizoli ndi akuti munthu aliyense ndi mwini wa thupi lake, thukuta lake ndi katundu amene wapeza mwachilungamo. Palibe amene ali ndi ufulu wokakamiza mnzake amene sanamulakwire, ndipo lamulo limeneli silisintha chifukwa choti wokakamizayo wavala yunifolomu kapena wanyamula chidindo cha boma. Ngati kulanda mbuzi ya mnzako ndi kuba, iwo amafunsa kuti kulanda komweko kumasanduka bwanji chilungamo wolandayo akakhala wokhometsa msonkho.

Mizu yake ndi yakale. Mu 1689 John Locke wa ku England analemba kuti boma limakhalapo mwa chilolezo cha olamulidwa, kuti liteteze moyo, ufulu ndi katundu wawo. Mu 1776 Adam Smith wa ku Scotland anaonetsa kuti anthu ogula ndi kugulitsa mwaufulu amatukula dziko kuposa mafumu oika mitengo. Mu 1945 Friedrich Hayek anafotokoza kuti nzeru zoyendetsera chuma zili zomwazikana m'mitu ya anthu miyandamiyanda, aliyense akudziwa za munda wake ndi msika wake, kotero ofesi imodzi singathe kuzisonkhanitsa zonse. Milton Friedman analimbana ndi lamulo lolemba achinyamata usilikali mokakamiza, limene dziko la America linasiya kuligwiritsa ntchito mu 1973.

Eni akewo samvana pa zonse. Robert Nozick, mu 1974, anati boma litsale ndi ntchito zoteteza anthu basi: apolisi, makhoti ndi asilikali. Murray Rothbard anati ngakhale zimenezo anthu angathe kudzikonzera okha popanda boma. Muno mu Africa, George Ayittey wa ku Ghana ankaphunzitsa kuti misika yaufulu ndi mabwalo odzudzula mafumu zinalipo Azungu asanafike, ndipo kuti maboma a pambuyo pa ufulu wodzilamulira ndi amene anazipondereza. Mu 2023 dziko la Argentina linasankha Javier Milei, mtsogoleri amene amadzitcha yekha mlibetariyani. Koma onsewa amagwirizana pa mfundo zitatu: mphamvu ikapanda malire imakula, nkhondo ndiyo imaikuza msanga, ndipo chuma chimayenda bwino chikakhala m'manja mwa olima ndi ogulitsa.

Lundu ndi Mbona

Ufumu wa Lundu, umene likulu lake lili ku Mbewe m'boma la Chikwawa, ndi umodzi mwa maufumu akale a Amaravi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 Lundu wa nthawiyo anakula mphamvu kwambiri. Olemba mbiri ambiri amagwirizanitsa kukula kwakeko ndi ankhondo oopsa otchedwa Azimba, ndiponso ndi kulimbirana malonda a minyanga ndi Apwitikizi a ku Sena ndi ku Tete. Mu 1622 Kalonga Muzura, mothandizidwa ndi Apwitikiziwo, anamugonjetsa.

Matthew Schoffeleers, wansembe wa Chikatolika wochokera ku Netherlands amene anatumikira m'chigwachi, anafufuza kwa zaka zambiri za kachisi wa Mbona ku Khulubvi, ku Nsanje. M'buku lake la mu 1992, River of Blood, anafika pa mfundo yakuti nkhani ya Mbona imasunga chikumbukiro cha nthawi imene mfumu inafuna kusonkhanitsa mphamvu zonse m'manja mwake, kuphatikizapo mphamvu ya mvula. Nkhaniyi imakambidwa mosiyanasiyana, koma mutu wake ndi umodzi: munthu wosalakwa, woitana mvula, anathamangitsidwa ndi kuphedwa ndi amphamvu, ndipo omuphawo anakakamizika pambuyo pake kumumangira kachisi.

Chofunika kwa ife ndi zimene zinatsatira. Munthu wogwidwa ndi mzimu wa Mbona akabwebweta, ankatha kudzudzula mafumu poyera, ndipo mafumuwo ankamvera. Mfumu ikachita nkhanza, anthu ankatha kusamuka n'kukapempha malo kwa mfumu ina. Amang'anja sanali alibetariyani ayi, poti kwa iwo munthu anali wa mbumba ndi mudzi, ndipo nthaka sinali ya munthu mmodzi. Koma anadziwa kale kuti mpando wopanda woudzudzula ndi woopsa.

David Livingstone atafika m'chigwachi mu 1859 anapeza thonje likulimidwa m'midzi yambiri. Amuna ankapota ulusi ndi kuwomba nsalu za machila, osula ankasula makasu, amayi ankatcheza mchere kuchokera m'dothi, ndipo zinthuzi zinkasinthanitsidwa mpaka ku Zambezi. Panalibe bungwe loika mitengo kapena chiphaso cha malonda.

Msonkho ndi tengatenga

Angerezi atakhazikitsa ulamuliro wawo mu 1891, chida chawo choyamba chinali msonkho wa nyumba. Cholinga sichinali ndalama zokha. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, munthu amene wagwira ntchito mwezi umodzi kwa Mzungu ankalipira theka la msonkho, pamene wolima munda wake ankalipira wonse. Olephera ankawawotchera nyumba, kapena kugwira akazi awo n'kuwasunga mpaka ndalama itapezeka. Mwa njira imeneyi boma linkachotsa munthu m'munda mwake n'kumupereka ku esiteti.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, boma silinafunenso kunyengerera. Amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko muno anatengedwa kukhala atengatenga, osenza chakudya ndi zipolopolo za asilikali a Angerezi amene ankalimbana ndi Ajeremani kumpoto kwa nyanja ndi ku Mozambique. Mafumu ankapatsidwa chiwerengero cha amuna oti apereke, ndipo amesenjala ankagwira anthu usiku. Ambiri anafera m'njira ndi kamwazi, chibayo ndi njala, minda kumudzi ili thengo. John Chilembwe anali atachenjeza kale, m'kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, kuti osauka a kuno akukafera mkangano umene si wawo ndipo sadzapindula nawo kanthu. Patsidya la malire zinthu zinaipa koposa. Mu 1917 anthu a ku Barue anaukira Apwitikizi chifukwa cha ntchito yokakamiza ndi kugwidwa kwa onyamula katundu, ndipo nkhondo ya Makombe imeneyo inathamangitsira Asena ambiri m'chigwa cha Shire.

Apa mfundo ya alibetariyani yonena za nkhondo ikuoneka poyera. Iwo amati pa nthawi ya chipwirikiti boma limatenga mphamvu zimene pa mtendere anthu sakanalola, ndipo chipwirikiticho chikatha silibweza zonse. Mbiri yathu ikuvomereza. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza nthawi ya chipwirikiti, ndipo anthu oposa 1,000 anatsekeredwa osazengedwa mlandu. Dziko litalandira ufulu mu 1964, malamulo otsekera anthu chotere sanafafanizidwe. Boma la Dr. Banda linawasunga, linawanola, n'kuwagwiritsa ntchito pa Amalawi anzake kwa zaka pafupifupi 30. Ngakhale Gwanda Chakuamba wa ku Nsanje, amene anali nduna yamphamvu ya boma lomwelo, anamangidwa mu 1980 n'kutuluka mu 1993.

Nkhondo ya mitumbira

Ulimi wa m'chigwa uli ndi nzeru zake. Pali minda ya kumphala imene imadalira mvula, kumene anthu amabzala mapira, mchewere ndi thonje. Palinso madimba a m'mbali mwa mtsinje ndi m'madambo, kumene mlimi amatsatira madzi akamaphwa. Amaponda matope kuti amve ngati alimba, amabzala chimanga, nyemba ndi mbatata pamene pauma kale, ndipo pakapita masiku amatsikira m'munsi n'kubzalanso pamene madzi angochoka kumene. Mvula ikakana kumphala, dimba limapulumutsa banja. Nzeru zimenezi sizinalembedwe mu ofesi ina iliyonse.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, makamaka m'nthawi ya bwanamkubwa Geoffrey Colby amene analamulira kuyambira 1948 mpaka 1956, boma linakhwimitsa malamulo a malimidwe. Kukokoloka kwa nthaka kunalidi vuto m'mapiri, ndipo kumtunda mizere inathandiza. Koma lamulo linali limodzi dziko lonse: aliyense aunde mitumbira, abzale pa tsiku loikidwa, azule mapesi a thonje pa tsiku loikidwa. Alimi a m'chigwa anadandaula kuti pa nthaka yawo yosatsetsereka ndi yamchenga mitumbira imauma msanga mbewu n'kupserera, ndiponso kuti kuunda kumafuna kuswa nthaka youma m'miyezi imene kutentha kumapitirira madigiri 40. Yankho linali akapitawo a malimidwe oyendera minda, chindapusa ndi ndende.

Anthu anakana. Elias Mandala, katswiri wa mbiri, analemba mu 1990 za kulimbana kumeneku, kumene eni ake anakutcha nkhondo ya mitumbira. Mfumu Molin Tengani, imene inalimbikira kukakamiza malamulowa, inadedwa ndi anthu ake, ndipo mawu ochokera ku Khulubvi anaima kumbali ya alimi. Chipani cha Congress chinapeza otsatira ambiri chifukwa cha mkwiyo womwewo. Kukakamizaku kunatha Dr. Banda atakhala nduna yoona za chilengedwe ndi ulimi mu 1961.

Hayek akanamva nkhaniyi akanati ndi zimene ankanena. Makolo athu anazinena kale m'mawu ochepa: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene adzagona ndi njala mbewu zikalephera ndiye ayenera kukhala ndi mawu omaliza pa za munda wake.

Wogula mmodzi

Thonje ndi mbewu yofuna ntchito yambiri. Likatoledwa, banja lonse limakhala pansi pa mtengo kulisankha, loyera kwambiri pa lokha, lothimbirira pa lokha, kuchotsa tizinyalala ndi zala. Kenako amalipondera m'matumba, n'kulikweza pa ngolo kapena pa njinga kupita ku sikelo. Pamenepo ndi pamene mlimi wa m'chigwa wakhala akuluzira kwa zaka zambiri, chifukwa nthawi zambiri wogula anali mmodzi, woikidwa ndi boma.

Mu 1923 boma linapatsa bungwe la British Cotton Growing Association mphamvu yogula lokha thonje la alimi a m'midzi. Mu 1951 kunabwera Cotton Marketing Board, mu 1962 Farmers Marketing Board, ndipo mu 1971 ADMARC. Mayina ankasintha koma kachitidwe kanali komweko: kugula motsika kwa mlimi, kugulitsa mokwera kunja, phindu n'kukhala la bungwe. Mu 1982 akatswiri a zachuma Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen anaonetsa kuti phindu la ADMARC la m'zaka za m'ma 1970 linkapita kukakuza maesiteti ndi makampani a anthu oyandikana ndi ulamuliro, kuphatikizapo kampani ya Press. Unali msonkho wopanda lisiti, wokhometsedwa kwa osauka kuti olemera akwere.

Tisaganize kuti alibetariyani amangoikira kumbuyo makampani akuluakulu. Iwo amadana kwambiri ndi kampani imene imalemera chifukwa chogwirana chanza ndi boma. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo, imene kampani ya Lonrho inatsegula m'zaka za m'ma 1960 pansi pa dzina la Sucoma ndipo lero ndi ya Illovo, yapereka ntchito kwa anthu masauzande. Koma malo ake anapezeka kudzera mu mphamvu ya boma pa nthaka ya makolo, ndipo midzi inasamutsidwa m'nthawi imene kukana kunali kuika moyo pachiswe.

Chitsanzo cha masiku athu ano ndi doko la Nsanje. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika analitsegula pamaso pa Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia. Chombo chimene chinayenera kufika tsiku limenelo chinaimitsidwa ndi boma la Mozambique, limene linati kafukufuku wa mtsinje anali asanachitike. Kuyambira pamenepo dokolo silinagwirepo ntchito imene linamangidwira. Frédéric Bastiat wa ku France anaphunzitsa mu 1850 kuti ntchito ya boma tiziiyeza ndi zooneka komanso zosaoneka. Chooneka ndi simenti ya padoko. Chosaoneka ndi zimene ndalamazo zikanachita, mwachitsanzo ku Chiromo, kumene madzi anadula njanji ndi msewu mu 1997 n'kusiya anthu a kutsidya la kum'mawa akudalira mabwato.

Masiku opanda mtetezi

Tikanalekera pomwepa tikanati alibetariyani apambana mlandu wonse. Koma chigwa chomwechi chili ndi umboni wina umene sitiyenera kuubisa.

Patangopita zaka zochepa Livingstone ataona midzi yowomba nsalu ija, zonse zinaphwasuka. Ankhondo a Paul Marianno, amene anthu ankamutcha Matekenya, anakwera ndi mfuti kudzagwira akapolo. Chilala cha 1862 ndi 1863 chinapeza anthu atathawa m'minda yawo, ndipo a ulendo wa Livingstone analemba kuti ankaona mitembo ikuyandama pa Shire. Panalibe mfumu yamphamvu yoti n'kuteteza anthu. Mpata umenewo unadzazidwa ndi Makololo, amuna ochepa amene anabwera ndi Livingstone ndipo anali ndi mfuti. Iwo anathamangitsa ogwira akapolo, koma analandanso ufumu wa Amang'anja. Ulamuliro ukagwa, ufulu sufika wokha. Amene amafika msanga ndi munthu wa mfuti.

Zinabwerezeka ku Mozambique pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anthu oposa 1 miliyoni anathawira m'Malawi, ndipo ku Nsanje othawa kwawo anachuluka kuposa eni dera, m'misasa ngati Mankhokwe ndi Nyamithuthu. Njanji ya ku Beira inaduka, katundu n'kuyamba kuzungulira njira yaitali ya ku Durban, mitengo ya zinthu n'kukwera dziko lonse. Ena mwa othawawo ankathawa midzi yokakamiza ya boma la Frelimo, ena ankathawa zigawenga zodula anthu makutu ndi milomo. Onse ankafuna malo amene lamulo likugwira ntchito.

Msika nawo sufika paliponse. Boma litalola amalonda wamba kugula mbewu mu 1987, ADMARC inatseka misika yambiri ya kumidzi. Kumene misewu inali yabwino ogula anachuluka. Kumene kunali kutali mlimi anatsala ndi venda mmodzi ndi sikelo yake yokayikitsa. Njala ya 2002 inapeza nkhokwe za dziko zilibe kanthu, chimanga chitagulitsidwa. Ena amaloza chala bungwe la IMF limene linalangiza kuchepetsa nkhokwezo, ena amaloza akuluakulu a boma amene anagulitsa chonse mwachinyengo, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi choonadi chake.

Palinso madzi osefukira. Mu Januwale 2015, ndiponso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, anthu ozingidwa ndi madzi anapulumutsidwa ndi anansi awo a mabwato, komanso ndi maboti a asilikali ndi ndege za helikopita zimene palibe mudzi ungazigule. Ndipo matope amene amakwirira mitsinje ya m'chigwa amachokera kumtunda, kumene mitengo yatha ndi makala. Wowotcha makala ku Neno kapena ku Mwanza sanapanganepo kanthu ndi mlimi wa ku Chikwawa, ndipo sadzamulipira munda ukakwiririka ndi mchenga. Vuto lotere kugula ndi kugulitsa kokha sikungalithetse.

Malire ndi amene afunika

Chigwa cha Lundu chikutiphunzitsa kuti funso la alibetariyani ndi lolondola, ngakhale yankho la ena mwa iwo lipitirira muyeso. Boma likufunika kuti ligwire wakuba ndi wachiwembu, liweruze milandu mosakondera, liyese masikelo, limange milatho ndi kuchenjeza anthu madzi akamabwera. Chomvetsa chisoni n'chakuti maboma athu akhala ofooka pa ntchito zimenezi, koma amphamvu pa zimene anthu akanachita okha: kuuza mlimi chobzala, womugulitsa ndi mtengo wake.

Pakati pa boma ndi munthu payekha palinso njira ya kugwirizana mwa kufuna kwa eni ake. Elinor Ostrom, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2009, anaonetsa kuti anthu a m'midzi amatha kusamala madzi, nkhalango ndi nsomba zawo akapatsidwa mpata wodziikira malamulo. Ku Chikwawa, alimi a kopaletivu ya Phata anaphatikiza minda yawo mu 2011 n'kuyamba kulima nzimbe zothirira, ndipo amagawana phindu malinga ndi malo amene aliyense anapereka. Pamene ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira kuti ithirire mahekitala oposa 40,000, nkhani yaikulu idzakhala yomweyo: kodi eni minda akulowa mwa kufuna kwawo, ndipo ali ndi mawu pa zolima ndi pa ndalama?

Malamulo aakulu a dziko lino, amene tinawapeza titavotera zipani zambiri pa 14 Juni 1993, ali kumbali ya nzika. Gawo 12 limati mphamvu zonse za ulamuliro zimachokera kwa anthu, ndipo olamulira amangosungitsidwa. Gawo 28 limaletsa kulanda katundu wa munthu popanda chifukwa chomveka, ndipo gawo 29 limapatsa aliyense ufulu wochita malonda ndi kudzipezera zofunika pa moyo kulikonse m'Malawi. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo dziko lonse linaona kuti malire a mphamvu angathe kugwira ntchito.

Koma malamulo sadziteteza okha. Mitumbira yokakamiza inatha chifukwa alimi anakana, ndipo chisankho chija chinabwerezedwa chifukwa nzika zinapita kukhoti ndi kumsewu. Choncho lamulo latsopano, msonkho watsopano kapena ntchito yaikulu ya chitukuko ikalengezedwa, nzika ili ndi udindo wofunsa: ndani walipira, ndani apindule, amene akhudzidwa anafunsidwa, ndipo zikalephera ndani adzayankha mlandu? Boma loyankha mafunso amenewa ndi loyenera kulimvera ndi kulipatsa msonkho. Lokana kuyankha tiyenera kulichepetsera mphamvu, kukhoti, kubwalo la mfumu ndi pa tsiku la chisankho.